Mwana wagwidwa ataba: kwa amfumu, kupolisi, kukhoti kapena ku Mpemba?

Milandu yambiri imene ana amagwidwa nayo mu Lilongwe muno si yoopsa monga imamvekera tsiku loyambalo. Imakhala foni yosololedwa m'thumba pa depoti, nkhuku ya aneba ku Chinsapo, zitsulo zozulidwa pampanda n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndewu ya kumpira imene yathera kuchipatala, kapena kandudu ka chamba m'thumba la yunifolomu. Koma zimene akuluakulu amasankha m'masiku awiri oyambirira, mitima ili m'mwamba, wina atakwiya wina atagwidwa manyazi, ndi zimene zimamutsata mwanayo zaka zambiri.

Njira zilipo zingapo, kuyambira kwa amfumu mpaka ku Mpemba, malo a boma osinthira ana khalidwe, ndipo sizilingana. Ine ndimaziyeza ndi mafunso awiri. Kodi woberedwa uja wapezapo chiyani? Nanga nkhani ikatha, mwanayo akalowa pakhomo pa ndani, ndipo kukacha azikachita chiyani? Njira imene ikuyankha funso limodzi lokha, pakapita miyezi mlandu womwewo umabweranso.

Tidziwe kaye pamene lamulo layima. Kuyambira mu 2010 dziko lino lili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1969. Poyamba lamuloli linkati mwana ndi wosakwana zaka 16, koma mu 2017 aphungu anasintha Malamulo Aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu konse. Wa zaka zoyambira 10 koma wosafika 14, boma liyenera kusonyeza kaye kuti ankazindikira kuti zimene akuchitazo n'zolakwika. Ndipo lamulo la 2010 silipita m'mbali: mwana satumizidwa kundende, kaya mlandu ukule bwanji.

Za kumenya sindichedwapo. Gulu likamugwira mwana pamsika n'kuyamba kumuponda, limenelo si bwalo, ndipo amene waponya mwala womaliza amadzayankha mlandu woposa wa foni ija kutalitali.

Kukambirana pakhomo kapena kwa amfumu

Iyi ndiyo njira imene ambiri amathamangira, ndipo ili ndi nzeru zake zosafunika kuzipeputsa. Kumudzi mwana akalakwa, woyankha sakhala bambo ake okha. Mtsibweni, mwini mbumba, ndiye amanyamuka kukagwada ndi kukapepesa, nkhuku kapena mbuzi ili m'manja. Bwalo silinkafuna kuchotsa wolakwa pamudzi. Linkafuna kuti mabanja awiriwo ayambirenso kupalana moto ndi kuikirana maliro.

Mwambowu tinabwera nawo m'tauni, koma sunafike wathunthu. Ku Mtandire, ku Mgona kapena ku Area 36, pa mdadada umodzi pamakhala wa ku Dedza, wa ku Mzimba ndi wa ku Mulanje, onse a lendi. Mtsibweni ali kumudzi kapena ku Joni. Oweruza amakhala amfumu a m'dera, nthawi zina pamodzi ndi a komiti ya chitetezo, anthu oyenda usiku ndi zibonga ndi matochi aja, amene kawirikawiri ndiwo amugwira mwanayo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Nkhani imatha sabata yomweyo. Palibe ndalama ya minibasi, palibe Chingerezi, palibe kudikira tsiku la khoti. Woberedwa amalankhula ndi pakamwa pake, ndipo katundu akapezeka amabwezedwa pomwepo, osati kukakhala miyezi ngati umboni. Pa funso langa loyamba lija, njira imeneyi imaposa zina zonse.

Pamene imagwa ndi pa mwana mwini wakeyo. Kangati pa bwalo lotere mwana amakhala atatsekeredwa m'nyumba, kapena wakhala chapatali wazyolika, mayi ake ndiwo akugwada? Ndalama zobweza zimachokera pa mpamba wa geni ya mandasi, kapena mayiyo amakakongola ku banki mkhonde n'kumabweza miyezi itatu. Mwana waphunzirapo chimodzi chokha: ndikaba, amayi alipira. Ndiye pali chindapusa cha bwalo, chimene sichipita kwa woberedwa. Palinso kusiyana kwa mayina. Mwana wa alandilodi ndi mwana wa munthu wa lendi saweruzidwa ndi mawu ofanana, ndipo nthawi zambiri chigamulo chenicheni cha wachiwiriyu sichinenedwa pabwalo, chimabwera madzulo: "Mwezi ukatha mupeze kwina." Banja limasamukira ku Area 25, mwana amasiya sukulu pakati pa temu, ndipo kumeneko palibe womudziwa woti n'kumuyang'anira.

Ngati mwasankha njira imeneyi, umirirani zinthu zitatu. Mwana akhalepo ndipo alankhule yekha. Gawo lina la zobwezazo alikhetsere thukuta iye, kaya ndi ganyu ya Loweruka. Ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe m'kope la amfumu ndi masiku ake. M'madera ena muli amkhalapakati ophunzitsidwa ndi bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI), limene linayamba mu 2000 kutumiza alangizi a zamalamulo m'ndende, kenako n'kufika kupolisi, m'makhoti ndi m'midzi. Amkhalapakatiwa salipiritsa ndipo amakambirana nanu poduka mphepo, osati pagulu. Kumene alipo, ine ndingayambire kwa iwo.

Koma pali milandu imene siyenera kuthera pamkeka, ngakhale mabanja onse atafuna. Kugwiririra, kugona ndi mwana, kupha, kuba ndi zida. Mnyamata wa zaka 16 akagwiririra mtsikana wa zaka 9, mbuzi siyikonza kanthu. Mtsikanayo afunika kufika kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kuchipatala cha Kamuzu Central kuli One Stop Centre kumene achipatala, apolisi ndi a Social Welfare amathandizira pamodzi. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere. Obisa nkhani yotere poti "tisanyazitse banja" amapweteka ana awiri, chifukwa mnyamatayonso amakula osakumana ndi womuimitsa.

Kupatutsa mlandu

Apa ndi pamene makolo ambiri sadziwa kuti pali khomo. Amaganiza kuti nkhani ikangolembedwa kupolisi ya Kawale, Lingadzi, Kanengo kapena ku Area 3, basi yapita, chatsala n'kusaka ndalama. Chonsecho lamulo la 2010 linaika njira yoti mlandu wa mwana upatutsidwe, usafike pozengedwa. Pa timilandu tating'ono wapolisi angathe kumuchenjeza mwana pamaso pa makolo n'kumumasula. Woimira boma pa milandu angathenso kupatutsa, chimodzimodzi majisitireti pa kafukufuku woyamba, amene ayenera kuchitika pasanathe maola 48 mwana chigwidwireni. Zisanafike apo, wa ku Social Welfare amayenera kucheza ndi mwanayo, kudziwa zaka zake, kwawo ndi mmene akukhalira. Apolisi nawo ayenera kudziwitsa makolo, ndipo mwana saikidwa m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu. Belo ya kupolisi ndi yaulere, izi tizikumbutsana.

Sikuti mlandu uliwonse umapatutsidwa. Mwana ayenera kuvomera yekha kuti anachitadi, popanda kumuopseza. Payenera kukhala umboni woti mlandu ukanatha kuzengedwa. Iye ndi kholo kapena womuyang'anira ayenera kugwirizana nazo. Ndipo mlandu usakhale wa m'gulu la milandu ikuluikulu ija.

Zimene angalamulidwe n'zosiyanasiyana: kupepesa pakamwa kapena polemba, kubweza katundu, kupereka chipukuta misozi, kusajomba kusukulu, kumakaonekera kwa womuyang'anira pa masiku oikika, kuleka kupita malo ena ake, kulandira uphungu, kugwira ntchito yothandiza m'dera popanda malipiro. Muno mu Lilongwe mwakhala mukuchitika maphunziro a masabata 12 otchedwa Mwai Wosinthika, amene a bungwe la Irish Rule of Law International akhala akuyendetsa mogwirizana ndi boma, kumene ana opatutsidwa amaphunzira kuugwira mtima, kukana anzawo oipa ndi kulingalira za mawa. Koma chimene ine ndimachiona champhamvu kuposa zonsezi ndi kukumanitsa mwana ndi amene anamulakwira, abale a mbali zonse alipo.

Tiyerekeze. Mnyamata wa zaka 15, wa Fomu 1, watenga foni ya mayi wogulitsa tomato. Foniyo anagulitsa kale, ndalama anadyera tchipisi ndi kubetcha mpira. Akhala kupolisi m'kachipinda ka Victim Support Unit, kothandizira olakwiridwa, mabenchi awiri, tebulo limodzi, kalendala pakhoma. Mayi ake afunda chitenje mpaka kumutu. Amalume ake abwera ndi ovolosi ya kugalaja, manja akuda ndi oilo. Wapolisi akupereka mpata kwa wodandaula.

"Mwanawe, iwe ukuona ngati unatenga foni basi. Mmenemo munali nambala ya amene amanditumizira tomato kuchokera ku Lizulu. Sabata yathunthu sindinaode. Ana anga anagona ndi phala."

Mnyamata akuyang'ana zala za kumapazi. Wapolisi akuti, "Dzutsa mutu, akulankhula ndi iwe amayiwa."

"Amayi, ndinalakwa. Mundikhululukire."

"Kukhululuka n'kosavuta. Nanga mpamba wanga?"

Apa amalume akulowererapo. "Mayi, ife manyazi atigwira. Ndalama yanu ibwera. Koma isachokere m'thumba mwa mlongo wangayu. Uyu Loweruka lililonse azibwera kugalaja kudzatsuka zitsulo, ndipo imene ndikanamupatsa ndizibweretsa kwa inu pamaso pa abwanawa, mpaka ikwane."

Kukhoti mayi wa tomatoyu akanangofunsidwa tsiku, nthawi, mtundu wa foni ndi mtengo wake. Za phala lija palibe akanamufunsa. Ndipo mnyamatayo akanamva zaka kapena miyezi ya chilango, osamva kuti anagonetsa ana a eni ndi njala. Mwana wa zaka 15 amatha kupirira chikwapu n'kukadzitama nacho kwa anzake. Mawu a mayi uja alibe podzitamira nawo.

Phindu lina n'loti mlandu wopatutsidwa susiya dzina la mwana m'kaundula wa opezeka olakwa, choncho tsiku lina akadzafuna kalata ya kupolisi pofunsira ntchito, foni ya ali Fomu 1 siyidzamutsekera khomo. Sukulu sayimitsa. Amagona kwawo.

Zofooka zake nazo ndizinene. Choyamba, wodandaula akapanda kufotokozeredwa bwino, amangoona mwana amene anamusiya kupolisi dzulo akudutsa pamsika lero, n'kunena kuti apolisi adya. Mawa lake akagwira wina sapitanso kupolisi, amaitana gulu. Kupatutsa kochitika woberedwa ali kunja kwa chitseko n'kumasula chabe, ndipo kumaononga dzina la njira yonseyi. Chachiwiri, kulondoloza. A Social Welfare ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa mzinda uno, ndipo sangafike ku Kauma, ku Chigwirizano ndi ku Area 49 sabata iliyonse. Ngati pakhomo palibe wamkulu ngati amalume a kugalaja aja, pepala la mgwirizano limangokhala mufayilo. Chachitatu n'choopsa kwambiri: mwana wosalakwa angavomere pongofuna kutuluka m'chitokosi, makamaka kholo likamamunong'oneza kuti "ingovomera tizipita". Ngati mwana akukana ndipo nkhani yake ikumveka, musamukakamize. Njira yake ndi khoti, ndipo a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu osakwanitsa kulipira loya.

Dziwaninso kuti mwana akaphwanya zimene munagwirizana, mlandu uja ungathe kudzutsidwa n'kupita kukazengedwa. Mlandu suwola.

Khoti la ana, mwana n'kubwerera kwawo

Lilongwe ili ndi khoti lake la ana. Silikhala ngati khoti la akuluakulu. Anthu wamba salowa kudzaonerera, dzina la mwana siliyenera kutuluka m'nyuzi kapena pa wailesi, ndipo kholo liyenera kukhalapo. Majisitireti asanagamule amamva lipoti la a Social Welfare lonena za pakhomo ndi kusukulu. Akapeza kuti mwana anachitadi, angathe kumumasula ndi chenjezo, kumuika m'manja mwa womuyang'anira kwa nthawi yoikika, kapena kulamula kholo kulipira chipukuta misozi.

Njirayi ndi yoyenera pamene mwana akukana mlandu, pamene mlandu ndi waukulu, kapena pamene anapatutsidwapo kale koma osasintha. Mphamvu yake n'njoti chigamulo chili ndi mano. Woberedwa amene analonjezedwa kwa amfumu n'kungopusitsidwa, apa ali ndi pogwira. Mtengo wake ndi nthawi. Mlandu umaimitsidwa lero poti mboni sinabwere, mawa poti lipoti silinathe, ndipo tsiku lililonse lotere mayi watseka geni, mwana wajomba kusukulu, minibasi yadya ndalama ya ndiwo. Odandaula ambiri amatopa n'kusiya kubwera.

Pali kanthu kamodzi kamene kamaoneka kakang'ono koma kamatembenuza zonse: umboni wa zaka. Mnyamata wa zaka 16 wamtali, wa ndevu zoyamba kumera, akalembedwa kuti ali ndi 19, njira zonse ndatchulazi zimamutsekekera ndipo amalowa mzere wa akuluakulu wopita kundende ya Maula. Ana ambiri a msinkhu umenewu alibe chiphaso cha kubadwa, poti kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kulimbikitsidwa kwenikweni cha mu 2015. Choncho pothamangira kupolisi, musanyamule nsima yokha. Nyamulani buku la kusikelo, kalata ya ubatizo, lipoti la kusukulu, chilichonse chokhala ndi tsiku lobadwa. Ndipo muonetsetse zimene zalembedwa pa pepala loyamba, chifukwa kukonza pambuyo n'kovuta.

Mpemba ndi Chilwa

Pali makolo ena amene amachita kupempha okha: "Bwana, mutengeni, ine wandikanika." Ndimawamvetsa. Mwana amene wagulitsa mbaula, wailesi ndi mabulangete a m'nyumba, amene wayamba kuopseza mayi ake, amatopetsa. Ndipo pa milandu ikuluikulu khoti silikhala ndi kwina kotumiza mwana koposa kumalo osinthira khalidwe. Malo a boma odziwika ndi awiri: Mpemba, kunja kwa Blantyre pa msewu wa ku Chikwawa, ndi Chilwa ku Zomba. Si ndende ayi, ali pansi pa unduna woona za ana. Kumakhala sukulu ndi ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga ndi ulimi, ndipo pali bodi ya Child Case Review Board, yotsogozedwa ndi jaji wa High Court, imene imaunika ngati mwana wafika poti n'kutuluka.

Kumeneko mwana amachoka pakati pa anzake omusokoneza, amadzuka pa nthawi, ena amabwerako akudziwa kugwira pulena. Kwa mwana amene pakhomo pake ndi pamene pali vuto, bambo womupeza akumumenya kapena akuluakulu akumutuma kukaba, kuchokapo kungakhale kupulumuka.

Koma taonani mapu. Malo onse awiri ali kummwera. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300. Mayi wa ku Mtandire wogulitsa makala a m'timapepala adzapitako kangati pachaka? Mwana amakhala nthawi yaitali osaona nkhope ya kwawo, azing'ono ake amakula osamuzolowera, malo ake ogona amatengedwa. Tsiku lobwerera amafika ngati mlendo pakhomo pamene palibe chasintha, anzake aja akadali pa shopu pomwe paja. Nanga woberedwa? Iye sapezapo kalikonse, ngakhale "pepani". Pa mafunso anga awiri aja, njira imeneyi simayankha loyamba, ndipo lachiwiri imangolikankhira kutsogolo. N'chifukwa chake lamulo lenilenilo limaika kutsekera mwana kumapeto, zina zonse zikakanika, ndiponso kwa nthawi yochepa mmene kungathekere. Kutumiza mwana kumeneko chifukwa cha nkhuku kapena foni imodzi n'kulakwitsa, ngakhale kholo litachita kupempha.

Amene adutsa zaka 18

Mnyamata wa zaka 19 kwa mayi ake akadali mwana, koma kwa lamulo ndi wamkulu. Achinyamata otere akapatsidwa chilango chokakhala m'ndende amatha kutumizidwa kundende za achinyamata monga Bvumbwe ku Thyolo kapena Bzyanzi ku Dowa. Kachere, muno mu Lilongwe, inali ya anyamata kwa zaka zambiri. Mu 2018 High Court ku Blantyre inapeza kuti ku Bvumbwe ndi ku Kachere kunkasungidwa ana amene lamulo silinkalola kuti akhale m'ndende, ndipo inalamula kuti achotsedweko. Kale mu 2009 khoti linali litagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya Malamulo Aakulu. M'ndende muli sukulu, ndipo alipo amene alembera mayeso a MANEB ali momwemo n'kukhoza. Koma amene anagonapo shamba, atakhala tsonga usiku wonse mawondo ali pachifuwa, sangakuuzeni kuti n'kumalo kophunzirira khalidwe. Wolowa ndi mlandu wa njinga amatuluka akudziwa amene amagula njinga zakuba.

Kwa wolakwa koyamba pa mlandu waung'ono pali njira ziwiri zimene wachibale kapena loya ayenera kukumbutsa khoti. Ina ndi chilango choimikidwa, choti munthu apite kwawo koma asapalamulenso kwa nthawi yoikika. Ina ndi kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro, imene inayamba m'dziko muno mu 2000: kusesa pachipatala, kutchetcha pasukulu, kukumba dzenje la zinyalala, kwinaku akugona kwawo. Ena amati n'zochititsa manyazi kutchetcha anthu akudera akuona. Manyazi amenewo ndi abwino kuposa shamba, ndipo dera limaona ndi maso kuti munthu walipira. Ngati banja labweza kale katundu ndipo wodandaula wanena yekha pamaso pa khoti, zimenezo zimathandiza pochepetsa chilango.

Tsiku lobwerera

Kaya mwana wachokera m'chitokosi cha masiku awiri, kaya ku Chilwa, ntchito yeniyeni imayamba akatsika minibasi. Dzina limakhala litamutsogolera. Chikasowa chilichonse pa mdadada, ngakhale sopo pa bafa, maso onse amaloza khomo limodzi. A komiti ya chitetezo amayambira kwa iye. Amayi amaletsa ana awo kucheza naye, ndiye otsala omulandira ndi omwe aja anamulowetsa m'mavuto. Bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi nyumba ku Balaka kumene ena otsala pang'ono kumaliza chilango amaphunzira ntchito zamanja asanabwerere kwawo, koma malo amodzi sangakwanire dziko lonse, ndipo sangalowe m'malo mwa anthu a pa mdadada.

Apa ndi pamene amfumu ndi ampingo ali ndi ntchito yoposa kuweruza. Amfumu amene analengeza za kuba ayeneranso kulengeza, pamaliro kapena pamsonkhano wa dera, kuti mwana uja wamaliza kubweza ndipo nkhani yatha. Woberedwa akanena yekha mawu amenewo, amalemera kuposa kalata ya ofesi iliyonse. Kusukulu, kholo lipite limodzi ndi wa Social Welfare kukaonana ndi ahedi, osangomutumiza mwana yekha ndi yunifolomu. Ngati kubwerera m'kalasi lomwelo kwavuta, pali masukulu a masana aja a open. Ngati sukulu yakanikiratu, ku Mchesi kuli akalipentala, ku Biwi kuli magalaja ndi owotcherera zitsulo, ndipo amisiri ambiri kumeneko anaphunzira ntchito poyamba n'kugwirira wina sandipepa. Mmisiri mumuuze zoona zonse tsiku loyamba. Akadzamva kwa ena, sipanala yoyamba kusowa idzamuchotsetsa ntchito mwanayo ngakhale asanaikhudze.

Ndisaiwale ana amene alibe pakhomo pobwerera, aja amagona pansi pa mlatho wa Lilongwe ndi m'makonde a mashopu ku Old Town. Kupatutsa mlandu kumafuna wamkulu wosayina, ndipo iwowa ndi amene amagwidwa kawirikawiri koma alibe wowasayinira. Chisomo Children's Club ndi malo a boma a Lilongwe Social Rehabilitation Centre akhala akugwira ntchito yofufuza abale a ana otere ndi kuwabwezera kwawo. Popanda zimenezo, mwana wa mumsewu amalandira njira yowawa pa mlandu umene mwana wa ku Area 47 akanangopepesa.

Nanga kumutumiza kumudzi?

Njira imeneyi simupezeka m'buku la malamulo, koma ndi imene makolo ambiri a m'tauni amaisunga kumtima. Mwana wavuta, mukwezeni basi apite kwa agogo ku Mitundu, ku Nkhoma kapena ku Ntcheu. Nthawi zina imagwiradi ntchito: kumudzi aliyense amamudziwa, kuli munda, kuli amalume, kulibe depoti. Koma kawirikawiri timatumiza mnyamata wa zaka 16 amene wakanika bambo wamphamvu zake kwa gogo wa zaka 70 amene maso ayamba kuchita khungu. Pakatha miyezi iwiri nkhuku za agogo zatha, ndipo mnyamata wabwerera m'tauni pa lole ya makala, ulendo uno osafikiranso kunyumba.

Ngati mwaganiza zomutumiza, funsani kaye kuti kumeneko akamugwira dzanja ndani, mwamuna kapena mayi wamphamvu zake amene wavomera ndi pakamwa pake, osati pongomva kuti mwana ali m'njira. Tengani kalata ya transifa kusukulu asananyamuke. Zobweza kwa woberedwa zithe kaye, chifukwa mwana akangosowa pa mdadada ngongole isanathe, anthu amati mwamuthawitsa ndipo mkwiyo umagwera inu otsala. Ndipo ngati mlandu wake unapatutsidwa kapena khoti linamuika m'manja mwa womuyang'anira, musamukweze basi musanauze wa Social Welfare amene ali ndi fayilo yake kuti alumikizane ndi ofesi ya boma limene akupitalo. Tsiku lokaonekera likafika iye ali ku Ntcheu, pa fayilo palembedwa kuti wathawa, ndipo mlandu umene unatsala pang'ono kutsekedwa upita kwa majisitireti.